Mlendo akagogoda ku SADC, amatsekula chitseko ndani?

Pa 17 Ogasiti chaka chilichonse timakumbukira tsiku la SADC, ndipo sabata imeneyo ndimapatsa ophunzira anga ntchito yokonza phunziro la kuwerenga lochokera pa mapu a chigawo chathu. Awa ndi anyamata ndi atsikana amene mawa adzaima kutsogolo kwa amayi ndi abambo ophunzira zilembo atakula kale, ena pansi pa mtengo, ena m'tchalitchi cha m'mudzi. Mayina a mayiko amathandiza pophunzitsa kuwerenga chifukwa anthu anawamva kale pa wailesi: Ma-la-wi, Za-mbi-a, Ta-nza-ni-a. Ulendo wina mtsikana wina atafika pa dzina la Comoros anaima n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, awa analowa liti? Anawalola ndani? Nanga ifeyo tinafunsidwa?" Anzake anaseka. Mafunso awiri oyambawo ndinawayankha pomwepo. Lachitatulo yankho lake ndi lakuti ayi, sitinafunsidwe, ndipo lakhala likundivutitsa kuyambira tsiku limenelo.

Ndinene poyambirira pomwe zimene ndikuganiza. Njira imene SADC imalandirira mayiko atsopano si yoipa ukaiwerenga pa pepala. Chimene chalakwika n'chakuti zonse zimachitikira kuchipinda, anthu wamba n'kudzamva zitatha kale, komanso kuti mayeso amene mlendo amafunsidwa pakhomo eni nyumba sawalemba. Ine ndikufuna kuti dziko lathu lisamavomere kapena kukana mlendo aliyense nkhaniyo isanadutse ku Assembleia da República, ndiponso isanamveke pa wailesi m'zinenero zimene anthu amalankhula kunyumba.

Njira yake ili chonchi. Pangano lokhazikitsa SADC linasainidwa ku Windhoek pa 17 Ogasiti 1992, ndipo ndime 8 ndi imene imakamba za umembala. Dziko lofuna kulowa limalemba kalata yopempha. Ofesi yaikulu ya bungweli, imene ili ku Gaborone, imasonkhanitsa zofunika, ndipo nthumwi zimatumizidwa kukaona mmene zinthu zilili m'dzikolo. Kenako bwalo la nduna za mayiko onse limakambirana n'kupereka maganizo ake kwa atsogoleri. Mawu omaliza ndi a msonkhano wa atsogoleri a mayiko, umene pa Chipwitikizi timati Cimeira. Pamenepo sawerenga mavoti kuti ambiri apambane. Onse ayenera kuvomera. Mtsogoleri mmodzi yekha akati ayi, chitseko chimakhala chotseka. Dziko likavomerezedwa limalandira pangano lonse mmene lilili, silingasankhe ndime zolikomera n'kusiya zina.

Zimene mlendo amafunsidwa n'zomveka ndithu. Akhale pafupi ndi chigawo chino. Azilemekeza demokalase, ufulu wa anthu ndi ulamuliro wa malamulo. Asakhale ndi mbiri yosokoneza mayiko oyandikana nawo kapena kusirira malo awo. Chuma chake chikhale choti chingayende limodzi ndi cha anzake, ndipo azitha kulipira chopereka cha chaka ndi chaka. Aliyense amene anakhalapo pa xitique, chiperegani chija, akudziwa nzeru yake. Munthu watsopano simumulowetsa chifukwa choti wavala bwino. Mumafunsa kaye ngati amabweza ngongole, ndipo mayi mmodzi akanena kuti "ameneyu anandidyerapo ndalama", gulu lonse limaima. Ndi chifukwa chake lamulo loti onse avomere ine sindikulitsutsa. Limateteza dziko laling'ono ngati Lesotho kuti lisakakamizidwe kukhala pa mphasa imodzi ndi mdani wake chifukwa choti akuluakulu afuna.

Koma pa xitique amene amati ayi ndi mwini ndalama. Ku Cimeira amene amayankha ndi munthu mmodzi m'malo mwa anthu oposa 30 miliyoni a dziko lino, ndipo palibe pamene amabwera kudzatiuza kuti wayankha chiyani, pa chifukwa chanji.

Mwina wina anena kuti imeneyi ndi nkhani ya akazembe, ilibe kanthu ndi mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano. Tiyeni tione mbiri ya chitseko chimenechi, kenako aweruze yekha.

Pachiyambi panalibe mayeso. Pa 1 Epulo 1980 ku Lusaka mayiko 9 anayambitsa bungwe la SADCC: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Cholinga chinali kuchepetsa kudalira boma la tsankho la South Africa, makamaka pa njanji ndi madoko, ndipo dziko lathu linapatsidwa gawo la zamtengatenga ndi mauthenga chifukwa cha Maputo, Beira ndi Nacala. Ambiri mwa mayikowa anali a chipani chimodzi. Malawi wa Kamuzu Banda anali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967, koma analowa ndithu, chifukwa mapu sanama: Malawi ali pakati pathu. Namibia inalowa mu 1990 italandira ufulu, South Africa mu 1994 tsankho litatha, Mauritius mu 1995. Pa atatu amenewa panalibe chokayikitsa kwenikweni.

Nkhani yofunika kuikhalira pansi ndi ya 1997. Mu Meyi chaka chimenecho Laurent-Désiré Kabila analanda Kinshasa ndi mfuti, Mobutu n'kuthawa. Mu Seputembala chaka chomwecho, ku msonkhano wa ku Blantyre, atsogoleri anavomera kuti Democratic Republic of Congo ilowe SADC. Panali patangopita miyezi inayi. Dzikolo linalibe boma losankhidwa ndi anthu, ndipo kum'mawa kwake moto unali usanazime. Atsogoleri anaona zina: migodi, magetsi a ku Inga pa mtsinje wa Congo, msika waukulu, ndiponso chiyembekezo chakuti dziko lotuluka m'manja mwa Mobutu likakhala pakati pa anzake likhazikika msanga. Si maganizo opusa. Koma walira mvula walira matope. Mu Ogasiti 1998 nkhondo inabukanso, Zimbabwe, Angola ndi Namibia zinatumiza asilikali kukathandiza Kabila, mamembala ena sanagwirizane nazo, ndipo bungwe linagawanika pakati.

Ngongole ya chisankho chimenecho ikulipidwabe. Mu 2003 mayiko a SADC anasaina pangano lotetezana pa nkhondo. Mu Disembala 2023 gulu la asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi linapita kum'mawa kwa Congo m'dzina la SADC. Mu Januwale 2025, pa nkhondo yolimbirana mzinda wa Goma, ena mwa iwo anaphedwa, ndipo mu Malichi atsogoleri anathetsa ntchitoyo. Ife a kuno kumalire, amene maliro a tsidya la Dedza ndi Ntcheu timawalira ngati athu, tikudziwa kuti mitembo inabwera kwa anthu olankhula chinenero chathu chomwechi. Sindikunena kuti Congo ikanakanidwa. N'kutheka kuti anthu akanafunsidwa akanavomerabe. Ndikunena kuti chisankho chimene pakutha pa zaka 28 chimadzafika pa manda a m'mudzi sichiyenera kupangidwa ngati nkhani ya anthu khumi ndi angapo okhala mu hotelo.

Ifenso tinadyapo za umembala umenewu, tisaiwale. Zigawenga zitavuta ku Cabo Delgado, gulu la asilikali a SADC lotchedwa SAMIM linafika mu Julayi 2021 n'kukhala mpaka Julayi 2024. Ana a anthu a ku Botswana, Lesotho, Tanzania ndi South Africa anagona m'tchire la ku Macomia ndi Nangade chifukwa chakuti ndife mamembala. Kulowetsa dziko mu SADC ndiye kuti walonjeza kuti tsiku lina mwana wako akhoza kukaima pa mzere wa nkhondo m'dziko limenelo, ndipo ndalama za msonkho wako zidzalipira mafuta a ndege yomutengayo.

Pa msonkhano wa ku Blantyre uja Seychelles nayonso inavomerezedwa. Inatuluka mu 2004 podandaula kuti chopereka chikulemera kuposa phindu, n'kubwereranso mu 2008. Madagascar inalowa mu 2005, inaimitsidwa mu 2009 Andry Rajoelina atatenga boma mothandizidwa ndi asilikali, ndipo inabwezedwa mu 2014 chisankho chitachitika. Joaquim Chissano ndiye anali mkhalapakati pa zokambirana zimenezo, Tomaz Salomão ali mlembi wamkulu wa bungwe. Apa SADC inaonetsa kuti ikafuna imatha kugwiritsa ntchito malamulo ake kwa amene ali kale mkati.

Tsopano tifike pa funso la mtsikana uja. Comoros ndi Burundi anapempha kulowa pa nthawi yofanana. Comoros inavomerezedwa ku msonkhano wa ku Pretoria mu Ogasiti 2017, ndipo inakhala membala wathunthu ku Windhoek mu Ogasiti 2018, mamembala n'kukwana 16. Burundi inauzidwa kuti idikire. Mu 2019 Hage Geingob wa ku Namibia, amene anali wapampando wa bungwe, ananena poyera kuti dzikolo silinakwaniritse zofunika, ndipo aliyense ankadziwa gwero lake: chipolowe cha 2015, pamene Pierre Nkurunziza anaimanso kachitatu, anthu ambiri n'kuphedwa, zikwi mazanamazana n'kuthawira ku Tanzania ndi ku Rwanda, ena mpaka kuno. Msonkhano wa ku Dar es Salaam mu Ogasiti 2019 unati Burundi yakwaniritsa zina, zina ayi.

Kukana Burundi pa nthawi imene ija ine ndikukuvomereza. Chimene chimandidabwitsa ndi muyezo. Azali Assoumani, mtsogoleri wa Comoros, analowa m'boma koyamba mu 1999 polanda ndi asilikali. Pa 30 Julayi 2018, patatsala masabata ochepa kuti dziko lake likhale membala wathunthu, anachititsa referendamu yosintha malamulo aakulu a dzikolo, imene inamupatsa mwayi woimanso, ndipo otsutsa anainyanyala. Mtsogoleri wina wakanidwa chifukwa chokakamira pampando, winanso walandiridwa mwezi womwe akukonza njira yokhalitsa pampando. Pakhoza kukhala zifukwa zabwino. Ku Comoros sikunakhetsedwe magazi ngati ku Bujumbura. Zilumbazo zili pakhomo pathu penipeni, moyang'anana ndi gombe la Cabo Delgado, ndipo nyanja imene ili pakati pathu ndi njira ya asodzi, amalonda ndi ozembetsa katundu, kotero n'kwanzeru kukhala nawo pa tebulo limodzi. Ngati zifukwa zinali zimenezi, bwanji sanatiuze? Chimene nzika imaona ndi ndime imodzi ya mizere itatu mu chikalata chotsekera msonkhano.

Kusukulu kwathu ofuna kulowa amalemba mayeso, ndipo zotsatira timazimata pa bolodi, dzina ndi malikisi ake, kuti wolephera aone pamene waperewera ndipo wopambana asanenedwe kuti anagula malo. Tsiku limene tingasiye kumata zotsatira n'kumangolengeza kuti uyu walowa, uyu adikire, tauni yonse idzati tadya ziphuphu, ngakhale titakhala kuti sitinadye. Lipoti la nthumwi zimene zinapita ku Moroni ndi ku Bujumbura ndilo pepala la malikisi. Liyenera kumatidwa pa bolodi.

Tili ndi chitsanzo china chapafupi, cha bungwe la mayiko olankhula Chipwitikizi, CPLP, limene linakhazikitsidwa ku Lisboa mu 1996. Equatorial Guinea, dziko lolankhula Chisipanishi limene Teodoro Obiang walilamulira kuyambira 1979, inapempha kulowa. Anaipatsa zoti ichite: Chipwitikizi chikhale chinenero cha boma n'kumaphunzitsidwa, ndipo chilango cha imfa chithe. Inalandiridwa ku Díli mu Julayi 2014, pomwe dziko lathu linali kumaliza zaka ziwiri za upampando wa bungwelo. Lamulo lochotsa chilango cha imfa m'malamulo a milandu linadzatuluka mu 2022, patapita zaka 8. Za Chipwitikizi, ine monga mphunzitsi wa kuwerenga ndingonena kuti chinenero sichilowa m'kamwa mwa anthu chifukwa choti mtsogoleri wasaina pepala. Mlendo asanalowe amamvera chilichonse chimene mwamuuza. Akangokhala pansi n'kusamba m'manja, mphamvu yanu yomuuza zochita yatha, ndipo chotsala ndi kumukumbutsa mwaulemu pa msonkhano uliwonse.

Ndiyenera kunena chilungamo pa mbali inayo, chifukwa ifenso tinakhalapo alendo opempha malo. Mu Novembala 1995, ku Auckland, Mozambique inalandiridwa mu Commonwealth ngakhale kuti sitinalamulidwepo ndi Britain ndipo Chingerezi si chinenero chathu cha boma. Malamulo akale akanatsatidwa mouma, tikanakanidwa. Anatiimira ndi oyandikana nafe, onse mamembala, ponena kuti dziko lino linavutika chifukwa cholimbana ndi Rhodesia ndi tsankho la South Africa. Tinali titangotuluka m'nkhondo ya zaka 16, chisankho chathu choyamba cha zipani zambiri chitachitika chaka chimodzi chokha m'mbuyomo. Anatikhulupirira tisanatsimikize kanthu. Pambuyo pake bungwelo linakonza malamulo olandirira mayiko onga ife, ndipo Rwanda inalowa mu 2009, Gabon ndi Togo mu 2022. Choncho sindingaime pano n'kumati mlendo aliyense akhale woyera ngati ufa asanalowe. Nthawi zina kulowetsa dziko lodwala ndi njira yolichiritsira. Koma ngati tikupatula lamulo chifukwa cha chifundo kapena chifukwa cha phindu, tinene kuti tapatula, titchule chifukwa, tilembenso tsiku limene tidzabwerere kudzaona ngati malonjezo asungidwa.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amaloza ku Ulaya, ndipo pali zoti tiphunzireko. Portugal inapempha kulowa mu 1977 n'kulowa mu 1986. Mu 1993 ku Copenhagen mayiko a European Union analemba poyera zimene wopempha ayenera kukwaniritsa. Zokambirana zimagawidwa m'mitu 35, kuyambira makhoti mpaka usodzi, ndipo chaka chilichonse kumatuluka lipoti limene aliyense angawerenge, lonena pamene dziko lopemphalo lafika. Pomaliza nyumba ya malamulo ya dziko lililonse limene lili kale mkati imavota, ndipo anthu a dziko lopemphalo kawirikawiri amafunsidwa pa referendamu. A ku Norway anafunsidwa kawiri, mu 1972 ndi mu 1994, ndipo anakana maulendo onse awiri ngakhale boma lawo linkafuna.

Si kuti kumeneko zonse zili bwino. Nakonso lamulo loti onse avomere limasanduka chibonga. De Gaulle anatsekereza Britain kawiri, mu 1963 ndi mu 1967. Greece inaimitsa Macedonia zaka zambiri chifukwa cha dzina lokha, mpaka dzikolo linasintha dzina kukhala North Macedonia mu 2019. Turkey yakhala pa mzere kuyambira 1999. Ife tilibe ndalama zolembera akatswiri mazana oti aziwerenga mitu 35, ndipo sindikupempha zimenezo. Ndikungotengako zinthu ziwiri zimene sizifuna ndalama zambiri: lipoti limasindikizidwa, ndipo aphungu amavota. Munthu wa ku Porto akakwiya kuti dziko lakutilakuti lalowa amadziwa phungu woti amufunse.

Nanga eni nyumba? Apa m'pamene nkhani imawawa. Titati lero mayiko 16 onse alembe mayeso amene Burundi inafunsidwa, angakhoze angati? Ku Eswatini zipani zinaletsedwa mu 1973, ndipo mpaka lero siziloledwa kupikisana pa chisankho. SADC inali ndi khoti lake ku Windhoek, kumene nzika wamba inkatha kusumira boma lake. Litagamula mokomera alimi amene analandidwa minda ku Zimbabwe, atsogoleri analiimitsa mu 2010, ndipo mu 2012, pa msonkhano umene unachitikira kwathu ku Maputo, anagwirizana kuti khoti latsopano lizimva milandu ya pakati pa maboma okhaokha. Atsogoleri omwewo amene amafunsa mlendo ngati amalemekeza makhoti anatseka khoti lawo litawagamula mowapweteka.

Tisaloze anzathu okha. Chisankho chathu cha pa 9 Okutobala 2024 chinatsatidwa ndi miyezi ya zionetsero. Anthu anafa, chipata cha Ressano Garcia chinatsekedwa kangapo, magalimoto a mafuta opita ku Malawi anavutika kudutsa, ndipo mu Disembala mabanja zikwi a ku Zambézia anawoloka Shire kuthawira ku Nsanje, njira yomwe makolo athu anadutsa m'zaka za nkhondo. Aliyense ali ndi maganizo ake pa amene analakwa, ndipo tsamba lino si bwalo loweruzira zimenezo. Ndikungofunsa kuti: chikhala kuti mwezi umenewo ndife tinali panja tikupempha kulowa, nthumwi za ku Gaborone zikanalemba chiyani mu lipoti lawo? Funsoli silinyoza dziko. Mphunzitsi amene amaopa kulemba mayeso amene amapatsa ana ake sayenera kugwira choko. Muyezo wa pakhomo ukanamagwiritsidwanso ntchito kwa mamembala onse pa zaka zingapo zilizonse, zotsatira n'kumasindikizidwa, Burundi sikanakhala ndi chifukwa chonenera kuti ikusalidwa.

Akuluakulu a zaukazembe adzandiyankha kuti nkhani za pakati pa mayiko zimafuna chinsinsi, kuti kunena poyera kuti "dziko lakuti talikana chifukwa limazunza anthu" n'kuyambitsa udani umene ukanapeweka. Ndikumva. Ngakhale kumudzi, munthu akabwera kudzapempha malo, amfumu amayamba akambirana ndi nduna zawo kuseri. Koma sathera pomwepo. Amaitana mudzi, mlendo amaima pabwalo, amene akumudziwa amalankhula, ndipo malire a munda wake amaloza anthu akuona. Amatero chifukwa ng'ombe za mlendoyo zikadzadya chimanga, chidzakhala chimanga cha anthu. Kukambirana kuseri ndi gawo limodzi la ntchito, ndipo SADC imachita gawo limenelo lokha.

Taganizirani chitsanzo chimene sichili kutali. Rwanda inapemphapo kulowa SADC, kenako inabweza pempho lake mu 2007, chaka chimene inalowa m'bungwe la East African Community. Asilikali ake anafika ku Cabo Delgado mu Julayi 2021 pa mgwirizano wa maboma awiri, ndipo anathandiza kulanditsa Mocímboa da Praia mwezi wotsatira. Rwanda yomweyo akatswiri a United Nations amati imathandiza zigawenga za M23, zimene zinamenyana ndi asilikali a SADC ku Goma. Itati ipemphenso mawa, Maputo ingakhale ndi chifukwa chovomera, Kinshasa ingakhale ndi chifukwa chokanira, Lilongwe ingakumbukire ana ake. Mtsogoleri wathu angakanene chiyani ku Cimeira? Mayi wa ku Palma amene anabwerera kunyumba kwake chifukwa cha asilikali aja ali ndi mawu pa nkhaniyi. Mayi wa ku Ulongwe amene mlamu wake ndi msilikali wa Malawi alinso ndi mawu. Mmene zinthu zilili panopa, onse awiri adzangomva pa nkhani za usiku kuti zatha.

Zimene ndikupempha sizifuna kusintha pangano la Windhoek, chinthu chimene chingatenge zaka. Ndi zoti tingachite tokha kuno. Malamulo aakulu a dziko lathu amapatsa Assembleia da República ntchito yovomereza mapangano a pakati pa mayiko. Kulowa kwa membala watsopano kumakulitsa udindo umene tinasainira, chifukwa malonjezo a malonda ndi a chitetezo amafika kwa dziko limene panthawi yosaina panalibe. N'koyenera tsono kuti nduna ya zakunja izipita kukaima pamaso pa aphungu 250 aja msonkhano wa atsogoleri usanachitike, inene kuti dziko lakuti lapempha, nthumwi zapeza zakuti, boma likuganiza zovomera kapena kukana pa zifukwa izi. Aphungu a zipani zonse afunse mafunso, wailesi iulutse. Mtsogoleri apitebe kukayankha yekha monga pangano linenera, koma apite atamva.

Tilinso ndi CONSADC, komiti ya dziko lino yoona za SADC, imene inakhazikitsidwa kuti boma, amalonda ndi mabungwe a anthu azikumana pa nkhani za chigawo. Ntchito yake isathere pa mwambo wa pa 17 Ogasiti ndi mpikisano wa zolemba wa ana a sekondale. Pempho la dziko lililonse likafika, komitiyi ilembe tsamba limodzi lofotokoza kuti dzikolo ndi lotani, lili kuti, litipindulira chiyani, litisenzetsa chiyani. Tsamba limodzi lokha, m'mawu osavuta.

Ndipo tsambalo limasuliridwe. SADC imagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo pa msonkhano wa ku Dar es Salaam uja wa 2019 inawonjezera Chiswahili. Chinenero chimene mukuwerengachi chimalankhulidwa m'mayiko anayi a bungweli: kuno ku Tete, Niassa ndi Zambézia, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Amayi amene amadutsa pa Calómuè ndi pa Zóbuè ndi matumba a nyemba, akusintha metikali ndi kwacha pamtima popanda pepala, ndiwo amaidziwa SADC ndi mapazi awo, koma za malamulo ake sanauzidwepo m'chinenero chawo. Ndime 9 ya malamulo aakulu a dziko lino imati boma lizilemekeza ndi kutukula zinenero zathu. Rádio Moçambique ku Tete ndi ku Lichinga imaulutsa kale m'Chinyanja, ndipo mawailesi a m'madera alipo. Chosowa ndi tsamba loti awerenge.

M'kalasi mwanga tinayesa kulemba tsamba lotere tokha, la Burundi, ngati ntchito ya sabata. Linativuta pa mawu amodzi, a Chipwitikizi akuti unanimidade. Wina anati "mogwirizana", wina anakana kuti anthu amatha kugwirizana ena atangokhala chete chifukwa cha mantha. Wina anati "ndi mtima umodzi", tinaona kuti akumveka ngati a kutchalitchi. Pomaliza tinalemba chiganizo chonse: "popanda ngakhale mmodzi wokana". Mtsikana uja anakaliyesa phunzirolo kwa amayi a m'mudzi wina pa nthawi ya ntchito yoyeserera. Atabwera anandiuza kuti kuwerenga kunatha msanga, koma kukangana kunatenga ola lathunthu, chifukwa ena mwa amayiwo amagula m'magolosale a anthu a ku Burundi ndipo anali ndi zambiri zonena, zabwino ndi zoipa. Mmodzi anafunsa kuti maganizo awowo akapereke kwa ndani. Mtsikanayo anawalemba m'kope, ndipo kopelo lili mu kabati ya mu ofesi yanga.